Zipolopolo 30 zimatha m'masekondi 3, nanga asilikali amamenya bwanji nkhondo ya ola lathunthu?

Loweruka lapitali ndinali pa babashopu ina ku Kapata kudikira kuti andimete, ndiye anyamata atatu anali ataunjikana pa foni imodzi akuonera filimu ya nkhondo, zija zoti munthu mmodzi wagwira AK-47 akuwombera osalekeza kuchokera pa geti mpaka kuseri kwa nyumba, adani akungoyoyoka ngati mango a mu Disembala. Mkangano unabuka pomwepo, wina akuti mfuti yabwino ndi imene magazini yake imalowa zipolopolo zambiri basi, mnzake akuti ayi chachikulu ndi liwiro, mfuti izilavula msanga kuposa ya mdani wako. Ine ndinangowafunsa kuti kodi magazini ya AK imatha pakapita nthawi yaitali bwanji ngati chala chakakamira osachotsa? Wina anati mineti imodzi, wina anati awiri. Ndi masekondi 3 chabe. Makina a mfuti imeneyi amathamanga zipolopolo pafupifupi 600 pa mineti, ndiye kuti 10 pa sekondi iliyonse, ndipo magazini wamba imalowa 30, werengani nokha. Usanamalize kunena dzina lako ndi la mudzi wako mfuti yakhala kale chete.

Nkhaniyi ine imandikhudza chifukwa amalume anga anali msilikali, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ija zigawenga za RENAMO zinkadumpha malire kuchokera ku Mozambique kudzavutitsa midzi ya cha ku Chadiza, Katete ndi Petauke, iwo anali mmodzi mwa amene anatumizidwa kukalondera kumeneko. Za nkhondo sankakonda kukamba, koma tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde anangoti, iwe mphwanga, msilikali wamantha umamudziwira pa chala, magazini yake ndi imene imayamba kutha, ndipo akatero wasanduka katundu wa anzake. Nthawi imeneyo sindinamve bwino tanthauzo lake, ndadzamva nditakula nditayamba kuwerenga mmene zinthuzi zinayendera.

Tiyambire kwathu konkuno. Agogo athu ankaidziwa mfuti ya gogodera, ija yothira wonga kukamwa kwa mpope, kuika kansanza, kugogoda ndi kandodo, kenako chipolopolo, kugogodanso, ndiye uwombere kamodzi n'kuyambiranso ntchito yonse. Msilikali wa ku Ulaya wophunzitsidwa bwino ankawombera mwina katatu pa mineti ndi mfuti za mtundu umenewu, n'chifukwa chake ankawaimika m'mizere moyandikana, kuti mzere wina ukamathira wonga wina uziwombera. Ndiye mukuona kuti olo kalelo nzeru yonse inali pa gulu, kuti moto usazime. Mu 1871 Angelezi anatenga Martini-Henry yolowetsa chipolopolo chimodzi chimodzi chakumbuyo, inali yachangu kwambiri kuposa gogodera komabe mu 1879 Azulu anawagonjetsa ku Isandlwana ali nazo m'manja mfuti zomwezo. Chimene chinasintha zonse ndi mfuti ya chiwaya imene Hiram Maxim anapanga mu 1884, yodya zipolopolo za pa lamba wa nsalu wolowa 250, yoziziritsidwa ndi madzi, yokhoza kulavula mazana angapo pa mineti kwa nthawi yaitali. Andebele anakumana nayo mu 1893, ndipo mu Januwale 1898 inafika kuno kwathu pamene asilikali a Angelezi anabwera kudzamenyana ndi Angoni a Mpezeni, Nsingo akutsogolera ankhondo. Ine ndikamaona impi ku Mtenguleni pa Nc'wala, zishango ndi zibonga zili m'mwamba, ndimaganiza za anthu olimba mtima aja amene nkhondo yawo yonse inkafuna kuti amufike mdani pafupi, koma pakati pawo ndi mdaniyo panali bwalo limene chiwaya chimodzi chinkatha kulisesa osapuma.

Magazini itayamba kuikidwa pa mfuti za asilikali wamba, akuluakulu a nkhondo sanaikhulupirire, ankaopa zomwe amalume ankanena zija, kuti anyamata adzamwaza zipolopolo zonse nkhondo isanafike pachimake. Lee-Enfield zoyambirira zinali ndi kachitsulo kotsekera magazini, msilikali azilowetsa chimodzi chimodzi ndi dzanja, zam'magazini zisungike mpaka mkulu atalamula. Kachitsulo kameneka kanadzachotsedwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Lee-Enfield imeneyi, imene anthu amangoti 303, inkalowa zipolopolo 10, ndipo ukawombera umayenera kukoka kachigwiriro ndi dzanja kuti khoko lituluke china chilowe, pomwe Mauser ya Ajeremani inkalowa 5 chabe. Msilikali wa ku Britain isanafike 1914 ankaphunzitsidwa kulasa chandamale cha pa mayadi 300 maulendo 15 pa mineti imodzi. Nambala 15 imeneyi muisunge, tidzakumana nayonso.

Tonse timadziwa Gondar Barracks kuno ku Chipata koma si ambiri amafunsa kuti dzinali linachokera kuti. Gondar ndi tauni ya ku Ethiopia kumene Ataliyana anagonjera komaliza mu Novembala 1941, ndipo mayina enanso ngati Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, onsewo ndi malo a ku Somaliland ndi ku Burma a pa nkhondo yachiwiri, nkhondo imene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nawo. Madala amenewo ankanyamula 303, koma gulu lawo laling'ono, limene pa chisilikali amati seksheni, anthu pafupifupi 10 otsogoleredwa ndi kopolo, mphamvu yake yeniyeni inali pa chiwaya chopepuka chotchedwa Bren. Magazini yake inkakhala pamwamba, yolowa 30 ngakhale ambiri ankaikamo 28 kuti isakakamire, ndipo pambali pa wowombera pankagona mnzake wongosintha mamagazini ndi mpope ukatentha. Asilikali ena onse m'seksheni, kuwonjezera pa zipolopolo zawo, ankanyamulanso mamagazini a Bren m'matumba a pachifuwa. Aliyense anali wonyamulira chiwaya.

Pano ndi pamene pali phata la nkhani yonse, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi cha Amerika ndi Ajeremani pa nkhondo yomweyo. Msilikali wa ku America anali ndi M1 Garand, yolowa 8, yodzilowetsa yokha chipolopolo china ukawombera, iwe ntchito yako kungokoka chala. Wa ku Germany anali akadali ndi Kar98k yolowa 5 yokoka ndi dzanja. Mukawaika awiriwa payekhapayekha wa ku America wapambana kutalitali. Koma nkhondo sachita munthu payekha, seksheni ya Ajeremani inamangidwa mozungulira MG34 ndipo kenako MG42, chiwaya cha lamba chothamanga pafupifupi 1,200 pa mineti, 20 pa sekondi, mpope wake wosinthika m'masekondi owerengeka, pomwe gulu la Amerika linkadalira BAR, chiwaya chopepuka, ya magazini ya 20 imene mpope wake sunkasinthika pankhondo. Ndiye zinkachitika kuti amene ali ndi mfuti zabwino m'manja mwa aliyense ndi amene akanikizidwa pansi ndi anthu a mfuti zachikale, chifukwa cha chida chimodzi chimene ena onse ankangochiteteza ndi kuchinyamulira malamba. Nkhondo itatha mayiko ambiri anatengera nzeru imeneyi, FN MAG ya ku Belgium ndi PK ya ku Soviet Union zonse ndi ziwaya za lamba zoyenda ndi asilikali apansi.

Manje funso ndi lakuti zipolopolo zonsezi zimapita kuti, popeza zambiri sizilasa munthu. Anthu ambiri pamenepa ndi pamene amasokonezeka. Pankhondo yeniyeni mdani sumuona kawirikawiri, wagona kuseri kwa chulu, ali m'dzenje, ali m'tchire la udzu wautali, umangoona kautsi kapena kumva kumene kulira kukuchokera. Ntchito yaikulu ya kuwombera ndi kumugonetsa pansi kuti asadzutse mutu, chifukwa munthu amene zipolopolo zikumulirira pamwamba pa khutu ndi kumuwaza dothi kumaso sangathe kuloza bwino mfuti yake ndipo sangasunthe. Amene munakumbako mbewa mudzandimva msanga. Wina amakhala pa una akufukiza utsi, si kuti utsiwo ndi umene ugwire mbewa ayi, ntchito yake ndi kuisowetsa mtendere ndi kuitsekera njira, wogwira weniweni ndi uja wazembera pa kabowo kothawira. Chiwaya ndi wofukiza uja, ndipo a mfuti zing'onozing'ono ndi ozungulira aja.

Zimayenda chonchi, seksheni imagawika pawiri, theka likuwombera litagona theka lina likuthamanga kamtunda kakafupi, masekondi ochepa chabe asanakulozere, n'kudzigwetsa pansi, ndiye iwowo ayamba kuwombera kuti anzawo aja adzuke nawonso. Sipayenera kukhala mphindi imene onse aimirira kapena onse asiya kuwombera. Apa ndi pamene kukula kwa magazini kumagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa nthawi yoopsa kwambiri ndi ija mfuti yatha, ukuchotsa magazini, ukufufuza ina m'thumba manja akunjenjemera thukuta lili m'maso, ndipo mnzako ali pakati pa bwalo akuthamanga akudalira iwe. Wa magazini ya 30 safika pa mphindi imeneyi kawirikawiri ngati wa 20, ndiye phindu lake ndi limenelo. N'chifukwa chakenso amaphunzitsidwa kufuula akamasintha kuti woyandikana naye awonjezere moto, ndipo ngati ziwaya zili ziwiri zimalankhulana mosinthana, china chikalira china chapuma, kuti zisathere pamodzi. Anthu onse a m'seksheni atatsegula moto wonse nthawi imodzi, pakatha masekondi 3 onse ali chete nthawi imodzinso, mdani angodzuka n'kuyamba kusankha.

Ndiye mukamva munthu akutchula liwiro la mfuti muzimufunsa kuti liwiro liti. Lija la 600 kapena 900 pa mineti ndi la makina chabe, mmene chitsulo chimapitira kumbuyo ndi kutsogolo, ngati nambala yomaliza ya pa sipidomita ya galimoto imene palibe amayendera pa msewu wa ku Lundazi. Mabuku a AK amaika liwiro la pankhondo pa zipolopolo pafupifupi 40 pa mineti ukamawombera chimodzi chimodzi ndi 100 ukamawombera timagulu tifupitifupi. Koma pali lina lachitatu, limene mfuti ingapirire kwa nthawi yaitali osaonongeka, ndipo pa M16 ndi M4 buku la asilikali a ku America limati 12 mpaka 15 pa mineti. Mwaikumbukira 15 ija ya 303? Papita zaka zoposa 100, mfuti zasintha maonekedwe, koma ikakhala nkhondo yotenga nthawi nambala yabwerera pomwe paja.

Chimene chimaletsa ndi kutentha. Chipolopolo chilichonse ndi moto wophulika mkati mwa mpope, ukathamangitsa mamagazini angapo motsatizana chogwirira chamtengo cha AK chimayamba kufuka, ukapitiriza chitsulo chimafiira ngati khasu pa mvukuto, mizere ya mkati mwa mpope imene imazunguza chipolopolo imadyeka, ndipo chipolopolo chokhala m'chipinda chotentha chimatha kuphulika chokha munthu asanakhudze kalikonse. Pa nkhondo ya ku Wanat ku Afghanistan mu Julaye 2008, kumene asilikali 9 a ku America anafa, ena mwa opulumuka anafotokoza kuti mfuti zawo zinatentha n'kukakamira atawombera mamagazini ambiri m'kanthawi kochepa. Chiwaya chinapangidwira vuto limeneli. Vickers yakale inali ndi madzi pafupifupi malita 4 ozungulira mpope, ankawira n'kumawonjezeredwa. Za masiku ano zili ndi mpope wolemera wochotseka, ndipo chipolopolo sichikhala chodikira m'chipinda, chimalowa pokhapokha ukawombera. Pa M240, imene ndi FN MAG yomweyo m'manja mwa Amerika, lamulo ndi lakuti ukamawombera 100 pa mineti usinthe mpope pa mamineti 10 aliwonse, ukakwera kufika 200 pa mineti usinthe pa mamineti 2 aliwonse. Ndiye wothandizira uja amayenda ndi mpope wapadera pamsana.

China ndi kulemera, ndipo ichi ndi chimene chinabala magazini ya 30 imene tikuidziwa. Zipolopolo za nkhondo ziwiri zija zinali zazikulu, zopangidwira kupha pa mtunda wa kilomita, koma anthu atafufuza anapeza kuti kuwomberana kwambiri kwa asilikali apansi kumachitika mkati mwa mamita 300, kupitirira apo munthu wobisala sumuonanso. Ajeremani ndi amene anayamba ndi StG 44, chipolopolo chachifupi, magazini ya 30. Mikhail Kalashnikov anadza ndi yake, AK ija, imene asilikali a Soviet anailandira mu 1949, ya chipolopolo cha 7.62x39, manambalawa ndi kunenepa kwa chipolopolo ndi kutalika kwa khoko lake m'mamilimita. Mayiko a NATO anakakamira chachikulu cha 7.62x51, ndiye mfuti zawo za FN FAL ndi G3 zinathera pa magazini ya 20, kenako Amerika anatembenuka n'kupita ku kakang'ono ka 5.56 pa M16 nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, poyamba ndi magazini ya 20 imene asilikali ambiri ankaikamo 18 poopa kukakamira, pambuyo pake ya 30. Pa sikelo, cha 5.56 chimalemera magalamu pafupifupi 12, cha AK pafupifupi 16, cha FAL pafupifupi 25. Zimaoneka zochepa mpaka utachulukitsa. Zipolopolo 210 za 5.56 ndi makilo awiri ndi theka, zomwezo za FAL zapitirira makilo 5, osawerengera mamagazini enieniwo, ndipo lamba mmodzi wa 100 wa chiwaya ndi pafupifupi makilo 3, chiwaya cha MAG pachokha makilo oposa 11. Onjezani madzi, chakudya, chisoti, wailesi, mabomba a m'manja, ndiye muyende nazo mu Okutobala m'mapiri a ku malire kuja dzuwa likuswa mtengo. Amene anasenzapo chigubu cha malita 20 kuchokera ku dambo akudziwa kuti kilo iliyonse imalankhula ukafika pa chitunda.

Mnyamata mmodzi pa babashopu paja anafunsa funso labwino, kuti nanga bwanji osangopanga magazini ya 100 nkhani ithe. Anayesa kale. PPSh-41 ya ku Soviet inali ndi ija yozungulira ngati ng'oma yolowa 71, koma inali yolemera, yochedwa kudzaza, yovuta ikapindika pang'ono, mpaka anabweretsa yopindika wamba ya 35. RPK, chiwaya chopepuka cha banja la AK, ili ndi ya 40 komanso ng'oma ya 75, koma RPK ili ndi miyendo iwiri yoimikira. Vuto ndi lakuti msilikali amamenya nkhondo atagona chafufumimba, magazini ikatalika imagunda pansi, iwe uyenera kudzutsa mutu ndi mapewa kuti uloze, ndipo kachidutswa kamene wakwera nako ndi kamene mdani akufuna. Sipuling'i ya mkati nayonso iyenera kukankha chipolopolo choyamba ndi chomaliza ndi mphamvu yokwanira, ikatalika kwambiri imayamba kulephera, fumbi likalowa ndiye basi. Ndipo magazini imodzi yaikulu ikafa wataya zonse, pomwe mwa zing'onozing'ono zinayi imodzi ikavuta umangoitaya n'kuika ina. Kupindika kuja kwa magazini ya AK ngati nthochi si kukongoletsa ayi, khoko la chipolopolo chake ndi lonenepa kumbuyo lowonda kutsogolo, ukazisanjikiza zambiri zimapinda zokha.

Tiyeni tichite masamu athu, ongoyerekeza chabe. Seksheni ya anthu 8, aliyense mamagazini 4 a 30, ndiye 120 munthu mmodzi, onse pamodzi 960. Aliyense akamawombera ngati mu filimu muja, nthawi yonse imene chala chake chili pa ntchito ndi masekondi 12, kuphatikiza kusintha mamagazini mwina mineti imodzi yakwana, kenako gulu lonse lili ndi zibonga zachitsulo m'manja. Koma gulu lomwelo likamagwetsa chipolopolo chimodzi pa sekondi iliyonse pamalo pamene mdani wabisala, mosinthana, molozera bwino, 960 ija ikwana mamineti 16, nthawi yokwanira kuti anzawo azungulire kapena thandizo lifike. Zipolopolo ndi zomwezo, anthu ndi omwewo, chasiyana ndi kopolo amene akulamulira kuti ndani awombere, kuti, ndipo mwachangu bwanji. Pa mineti yoyamba ya kukumana ndi mdani amatsegula moto wambiri ndithu kuti amugonetse, akangogona amatsitsa liwiro kufika pongokwanira kuti asadzukenso.

Palinso zoti mfuti yopepuka ikamawombera mosalekeza imakwera m'mwamba, choyamba chipita pamene walozera, chachiwiri pamwamba pang'ono, chachisanu chili kumitambo. Angelezi atatenga FAL n'kuitcha L1A1, imene ambiri amaidziwa kuti SLR, anachotseratu kuwombera kosalekeza, inkangowombera chimodzi chimodzi. Amerika pa M16A2 m'zaka za m'ma 1980 anaika malire a zitatu pa kukoka kumodzi. Olo wa chiwaya amene ali ndi miyendo yoimikira ndi lamba wautali amaphunzitsidwa kuwombera timagulu tating'ono, kupuma, kuona pamene fumbi ladzuka, kukonza, n'kuwomberanso. Kuwombera kosalekeza pa mfuti ya m'manja kuli ndi malo ake, pafupi kwambiri, m'nyumba, m'ngalande, kapena mukagwa mu msampha ndipo mukufuna kutulukamo, koma ndi kwa masekondi.

Chitsanzo cha pafupi ndi kwathu ndi nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe, imene ifenso inatipweteka, tikukumbuka mabomba a ku Chikumbi ndi ku Mkushi mu Okutobala 1978. Asilikali a Ian Smith ankayenda m'timagulu ta anthu 4 chifukwa helikoputa ya Alouette inkanyamula anthu 4, atatu ali ndi FAL ya 20, mmodzi ali ndi MAG. Omenyera ufulu ambiri anali ndi AK ya 30 yowombera mosalekeza. Pa pepala AK ndi yochuluka moto, koma kagulu ka anthu 4 kokhala ndi chiwaya chakechake, wailesi ndi ndege pamwamba kankakhala koopsa pa kuwomberana kwa maso ndi maso. Komabe asilikali a Smith nkhondoyo sanapambane, mu 1980 Zimbabwe inalandira ufulu, chifukwa kupambana pa kuwomberana kwa mamineti 20 ndi kupambana nkhondo ya dziko ndi nkhani ziwiri zosiyana, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Mkangano wa anyamata a pa babashopu uja olo akuluakulu a nkhondo sanaumalize. Asilikali a Marines a ku America anachotsa chiwaya cha lamba cha M249 m'maseksheni awo n'kuika M27 ya magazini ya 30, poganiza kuti kulasa pafupi kwambiri ndi mdani kumamugonetsa kuposa phokoso lambiri lomwazika, ndipo ena mpaka lero amatsutsa kuti lamba wa 200 alibe mlowam'malo. Gulu lankhondo la pamtunda la dziko lomwelo mu 2022 linasankha mfuti yatsopano ya kampani ya SIG Sauer, ya chipolopolo chachikulu cha 6.8 choti chizibowola zovala zoteteza pachifuwa, koma magazini yake yabwerera ku 20, ndiye msilikali wa mamagazini 7 amene ankanyamula 210 manje ali ndi 140 ndipo katundu sanapepuke. Ine maganizo anga ndi akuti kuchotsa zipolopolo 70 kwa munthu aliyense si nkhani yaing'ono, chifukwa zimene zimagonetsa mdani ndi kuchuluka kwa nthawi imene ungamusunge pansi, koma ndikumvanso mbali inayo, chipolopolo chimene sichibowola chimene mdani wavala kapena khoma limene wabisalako nachonso sichimuopsa kwenikweni.

Kwa ife nkhaniyi si ya m'mabuku chabe, ana athu amapita kukasungitsa mtendere, kuyambira 2015 asilikali a Zambia akhala ali ku Central African Republic pansi pa United Nations, ndipo kumalo ngati amenewo kuseri kwa amene akukuwombera kuli msika, kuli amayi ali ndi ana kumbuyo, kuli nyumba za udzu. Chipolopolo cha AK chophonya sichigwa pomwepo, chimatha kuuluka kupitirira makilomita 2, ndipo khoma la zidina zosaotcha kapena chitseko cha malata si chitetezo chodalirika. Masekondi 3 aja a chala chokakamira ndi zipolopolo 30 zimene chilichonse chikukagwa penapake. Anthu a m'midzi ya ku malire amene anagonapo m'tchire zaka zija, ndi anzathu a ku Mozambique amene anathawira ku Ukwimi, zimenezi safuna wowafotokozera.

Amalume anandiuza kuti usiku wina atawomberana ndi anthu amene sanawaone n'komwe nkhope, kutangoti zii, kopolo wawo sanayambe ndi kufunsa kuti mwapha angati. Anakwawa kupita kwa munthu aliyense mumdima, kumugwira paphewa, kufunsa ngati wavulala, kenako kufunsa kuti zatsala zingati. Wina anali ndi mamagazini atatu odzaza, wina imodzi ndi theka, mnyamata wina watsopano analibe olo chimodzi ndipo mfuti yake inali yosagwirika ndi kutentha. Anatolera zonse n'kugawanso mofanana, woyamba kupatsidwa anali wa chiwaya, ndipo anakhala pomwepo akudzaza mamagazini ndi zala mwakachetechete, chimodzi chimodzi, mpaka tambala woyamba analira kumudzi wa kutsidya kwa dambo.